Mafuwa Atatu a Chithandizo: Adokotala Ayankha Makalata Anu pa Khansa ya M'mawere

WOULUTSA: Omvera, ena muli pakhonde, ena mukuyang'anira mphika pamoto, ena muli pabedi m'wodi wailesi ili kumutu. Nthawi ya pulogalamu yathu ya zaumoyo yakwana. Sabata yatha tinakambirana za zizindikiro za khansa ya m'mawere, ndipo makalata ndi mauthenga apafoni amene abwera chichokereni tsiku limenelo ndi mulu. Ambiri akufunsa chinthu chimodzi: munthu akapezeka nayo nthendayi, amathandizidwa bwanji? Ndili ndi adokotala amene ntchito yawo ndi kuona odwala khansa. Monga mwa masiku onse, mayina a olemba makalata sititchula. Adokotala, takulandirani.

ADOKOTALA: Zikomo achimwene, ndipo moni kwa omvera onse. Ndisanamve kalata yoyamba ndineneretu kuti khansa ya m'mawere imachizika, makamaka ikapezeka msanga ndipo wodwala akalandira chithandizo chonse mpaka kumapeto. Mawu akuti "chonse" amenewo muwasunge, tibwererako.

WOULUTSA: Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wa zaka 42 wa ku Dedza. Akuti: "Adokotala, ndinapeza kachotupa kolimba m'bere lakumanzere, kosapweteka. Kuchipatala andilembera kalata yopita ku Lilongwe kuti akatenge kanyama akapime. Koma anzanga akuti khansa ikakhudzidwa ndi chitsulo imalusa n'kufalikira thupi lonse. Bwanji osangondipatsa mankhwala?"

ADOKOTALA: Mayi, mwachita bwino kupita kuchipatala chotupacho chisanayambe kupweteka. Ambiri amadikira ululu, pamene nthendayi kawirikawiri imayamba mwakachetechete. Tsono ku Lilongweko pitani, musaope. Chimene akufuna kuchita, chomwe ife timati biopsy, ndi ntchito ya mphindi zochepa. Amabaya jakisoni wochititsa dzanzi, kenako n'kulowetsa singano yotenga kanyama kakang'ono ngati njere ya mpunga. Tsiku lomwelo mumabwerera kwanu.

Kanyama kameneko ndiko kamatiuza zochita. Choyamba, kodi ndi khansadi? Zotupa zambiri za m'mawere si khansa ayi. Chachiwiri, ngati ndi khansa, ndi yamtundu wanji? Ilipo imene imakula chifukwa cha mahomoni achikazi, makamaka estrogen. Ilipo imene ili ndi chizindikiro chotchedwa HER2, yomwe imakula mofulumira. Ilipo ina yopanda zonsezi. Mtundu uliwonse uli ndi mankhwala ake. Mlimi wanzeru sapopera mankhwala m'munda asanaone ngati chikudya mbewu ndi mbozi kapena nsabwe.

Timajambulanso pachifuwa ndi pamimba kuti tione pamene nthenda yafika. Pali magawo anayi. Pa gawo 1 ndi 2, chotupa chikadali m'bere, kapena changofika m'timwanabere ta m'khwapa. Pa gawo 3, chakula kwambiri, chagwira khungu kapena timwanabere tambiri. Pa gawo 4, khansa yafika kutali, monga m'mafupa, m'chiwindi kapena m'mapapo.

Za chitsulo zija, ndikudziwa kumene zinachokera. Anthu anaona mnzawo atachitidwa opaleshoni, patangopita miyezi yochepa n'kumwalira. Chimene sanaone n'chakuti mnzawoyo anafika kuchipatala khansa itayenda kale m'thupi. Chimene chimapatsa khansa mpata ndi nthawi, mayi, osati singano. N'chifukwa chake bungwe la World Health Organization, pa ndondomeko yolimbana ndi khansa ya m'mawere imene linakhazikitsa mu 2021, limafuna kuti kupima konse kuzitha pasanadutse masiku 60 kuchokera pamene mayi wafika kuchipatala ndi chotupa. Akakatenga kanyamako, mukafunse tsiku lodzamva zotsatira, alilembe m'buku lanu la kuchipatala, ndipo mukasiye nambala ya foni imene imagwira. Tsikulo likakwana nyamukani, ngakhale asanakuimbireni.

WOULUTSA: Wachiwiri ndi mayi wa zaka 36 wa ku Mulanje, ali ndi ana atatu. Kalata yawo ndi yaifupi: "Zotsatira zabwera, akuti ndi khansa. Usiku sindikuona tulo. Kodi palibe njira ina yoti bere langa lisachotsedwe?"

ADOKOTALA: Pepani mayi. Bere limene munayamwitsira ana atatu si chinthu choti munthu angovomera kulitaya mtima uli m'malo. Funso lanu ndi loyenera.

Chithandizo cha nthendayi ndimachifanizira ndi mafuwa. Mphika sukhazikika pa fuwa limodzi. Fuwa loyamba ndi opaleshoni. Lachiwiri ndi mankhwala oyenda thupi lonse, a m'diripi (kemo) kapena akumwa. Lachitatu ndi radiotherapy, ija ambiri amati kuwotcha. Madokotala amakhala pansi n'kugwirizana kuti kwa inu chiyambe chiti, chitsatire chiti.

Opaleshoni ili mitundu iwiri: kuchotsa bere lonse, kapena kuchotsa chotupa chokha pamodzi ndi kanyama kozungulira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1890, madokotala ankatsata njira ya William Halsted wa ku Baltimore ku America, yochotsa bere, minofu ya pachifuwa ndi za m'khwapa zonse. Koma mu 1981 Umberto Veronesi wa ku Milan ku Italy, kenako mu 1985 Bernard Fisher wa ku Pittsburgh ku America, anatulutsa zotsatira za kafukufuku zimene zinasintha zinthu. Anapeza kuti chotupa chikakhala chaching'ono, amayi ochotsedwa chotupa chokha n'kulandira radiotherapy amakhala ndi moyo mofanana ndi ochotsedwa bere lonse.

Ndiye njira yosunga bere ilipodi, koma ili ndi malamulo ake. Chotupa chikhale chaching'ono poyerekeza ndi berelo, chikhale malo amodzi, ndipo pakhale chitsimikizo choti mudzalandira radiotherapy. Popanda radiotherapy, khansa imabwereranso m'bere lomwelo mosavuta. Vuto lathu kuno n'lakuti amayi ambiri amatipeza chotupa chitafika ngati ndimu, mwina chitaphulika kale kukhala chilonda. Zikatero timayamba ndi mankhwala a m'diripi kuti chiphwe, opaleshoni n'kubwera pambuyo, ndipo kawirikawiri imakhala yochotsa bere lonse. Mukakaonana ndi dokotala wanu mukamufunse mafunso atatu: chotupa changa chili pa gawo liti, kodi n'zotheka kusunga bere, nanga ngati n'zosatheka chifukwa chake n'chiyani? Safunsa anadya phula.

Akati lichoke, dziwani izi. M'chipatala mumagona masiku ochepa, muli ndi kapaipi kotulutsa madzi pabala. Amachotsanso timwanabere ta m'khwapa, chifukwa ndi momwe khansa imayambira kudutsa. Anamwino adzakuphunzitsani kulimbitsa mkono, monga kuyendetsa zala pakhoma kukwera m'mwamba tsiku ndi tsiku kuti phewa lisaume. Mkono wa mbali imeneyo muziusamala ku moto, ku mpeni ndi ku minga, ndipo ukayamba kutupa bwerani msanga. Bala likapola, amayi ambiri amavala kabere kosoka ndi nsalu yofewa m'kati mwa kamisolo, n'kumapita kumsika ndi kutchalitchi monga kale. Ana anu atatu aja chimene akufuna ndi kumva mawu anu m'nyumbamo mpaka adzakule.

WOULUTSA: Iyi yalembedwa ndi bambo wa ku Kasungu. Akuti: "Mkazi wanga anachotsedwa bere, bala linapola bwinobwino. Tsopano akumupatsa kemo. Walandira kawiri kokha koma tsitsi lonse lathothoka, akusanza, mkodzo unatuluka wofiira. Ndalama ya thiransipoti ikutivuta. Abale akuti mankhwalawa ndi amene amuphe, timutengere kwa sing'anga. Popeza chotupa anachotsa kale, kodi tingasiye?"

ADOKOTALA: Bambo, ndayamika kuti mwalemba musanasiye. Pa makalata onse a lero, iyi ndiyo yandigwira mtima, chifukwa apa ndi pamene timataya amayi ambiri amene akanachira. Chonde musasiye.

Mumachidziwa chisoso. Mukachizula chitakhwima, mundawo umaoneka woyera, koma njere zake zinagwa kale, zina zinamatirira ku buluku lanu n'kukagwera kutsidya. Mvula ikagwa zimamera. Khansa imachita chimodzimodzi. Dokotala wa opaleshoni anachotsa chimene maso ndi manja ake zinafika, koma timaselo ta khansa tingakhale titalowa kale m'magazi, tating'ono moti ngakhale makina ojambulira satiwona. Ntchito ya kemo ndi kusaka timaselo timeneto tisanamere m'mafupa kapena m'chiwindi.

Mankhwalawa amaperekedwa m'maulendo, kawirikawiri pakatha milungu itatu iliyonse, maulendo 6 kapena 8. Ulendo uliwonse umapha gawo la timaselo tija, thupi n'kupuma, ulendo wotsatira n'kupha ena. Mukaima pa ulendo wachiwiri, otsala aja amachulukananso, ndipo mavuto onse amene mayi adutsamo amapita pachabe.

Zimene mwaonazo tikuzidziwa. Kemo amalimbana ndi maselo amene amachulukana mofulumira, ndipo a tsitsi, a m'kamwa ndi a m'matumbo ali m'gulu limenelo. Tsitsi limameranso mankhwala akatha; pakali pano duku kapena wigi zikwanira. Mkodzo wofiira uja si magazi. Amodzi mwa mankhwalawa, doxorubicin, ndi ofiira, ndipo mtundu wake umatuluka mumkodzo tsiku limodzi kapena awiri. Za kusanza, alipo mankhwala oletsa. Kawafotokozereni anamwino kuti amene anapatsidwa sakukwanira, akhoza kusintha kapena kuwonjezera. Mayi azidya pang'onopang'ono koma pafupipafupi: phala la mgaiwa lothira nsinjiro, mazira, nyemba, usipa, masamba ophika bwino, ndi madzi owiritsa ambiri.

Chimodzi ndicho choopsa kwambiri, ndipo muchimvetsetse. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri chilandirireni mankhwala, chitetezo cha m'thupi chimatsika kwambiri. Mayi akatentha thupi kufika madigiri 38, kapena akamanjenjemera, musaganize kuti ndi malungo wamba n'kukagula Panado kugolosale. Thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, ndipo mukanene kuti akulandira kemo. Azigona m'masikito usiku uliwonse, ndipo odwala chifuwa kapena chimfine asamayandikire.

Abale anuwo akulankhula chifukwa cha chikondi, musakangane nawo. Mutenge mmodzi wamkulu, kaya amalume kaya apongozi, apite nanu tsiku la kemo akamve okha kwa adokotala. Mapemphero apitirire, amalimbitsa mtima. Koma zitsamba zakumwa kapena kutema mphini pa nthawi ino ayi: zina zimalemetsa chiwindi ndi impso zimene zikugwira kale ntchito yaikulu, ndipo mphini ingalowetse matenda m'thupi lopanda chitetezo. Za thiransipoti, masiku a maulendo onse amadziwika kale. Alembeni papepala, muitane abale, a kumpingo ndi a banki m'khonde, aliyense atenge ulendo wake. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo inu bambo, khalani gadiyani wake. Amayi amene amuna awo amakhala nawo pa benchi ya kuchipatala ndimawaona akulimba mtima kufika ulendo womaliza.

WOULUTSA: Uthenga uwu wadutsa malire, wachokera ku Chipata m'dziko la Zambia. "Anditumiza ku Lusaka kuti akandiwotche. Kodi ndi moto weniweni? Ndikabwerako ndingagone ndi mwana wanga wamng'ono?"

ADOKOTALA: Mayi, mawu akuti kuwotchawa amaopseza anthu pachabe. Palibe moto, palibe chitsulo chotentha. Mumagona pakabedi, makina n'kulunjikitsa mphamvu yofanana ndi ya ekisireyi, koma yokulirapo, pamalo pamene panali chotupa. Pa nthawiyo simumva kanthu, ndipo zimatenga mphindi zochepa. Mumapita Lolemba mpaka Lachisanu, kawirikawiri kwa milungu itatu kufika isanu. Khungu la pamalopo limatha kuda kapena kuyabwa, ndipo thupi limatopa, koma zimatha. Mukatuluka m'chipindamo simunyamula mphamvu ija. Mwana wanu mukumbatireni, mugone naye.

Si aliyense amafunika radiotherapy. Imafunika kwa amene asungiridwa bere, ndi kwa amene chotupa chinali chachikulu kapena chinafika m'khwapa. Kumene akutumizaniko ndi ku Cancer Diseases Hospital, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 2007. Kuno ku Malawi tinakhala zaka zambiri opanda makinawa, odwala ankatumizidwa kunja monga ku India, ndipo ambiri mwayiwo sunkawafika. Mu 2024 chipatala cholipira cha khansa chokhala ndi makinawa chinatsegulidwa ku Blantyre, ndipo mu 2025 boma linatsegula National Cancer Centre pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Fuwa lachitatu lija tsopano lili pakhomo.

WOULUTSA: Mphunzitsi wina wa ku Mzimba akuti: "Ndamwa tamoxifen zaka ziwiri. Ndili bwino, ndikuphunzitsa, koma ndimamva kutentha thupi ndi thukuta usiku. Ndisiye? Nanga bwanji mnzanga amene tinkagona naye wodi imodzi sanapatsidwe mapiritsiwa?"

ADOKOTALA: Aphunzitsi, kukhala bwinoko ndiye ntchito ya mapiritsiwo. Khansa yanu ndi ija imakula ndi estrogen, ndipo tamoxifen amatseka malo amene homoniyo imagwira m'selo ya khansa. Piritsi limodzi patsiku, kwa zaka 5, ena mpaka 10. Kafukufuku wa amayi zikwizikwi anasonyeza kuti kumwa tamoxifen zaka 5 kumachepetsa imfa za khansa yamtundu umenewu ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ndi kapiritsi kotsika mtengo koma kantchito yaikulu. Inu mwayenda zaka ziwiri, zatsala zitatu.

Kutentha ndi thukutalo n'zodziwika, ndipo kwa ambiri zimachepa pakapita nthawi. Zimene muyenera kuthamangira nazo kuchipatala ndi izi: kutaya magazi kumaliseche mosayembekezereka, kutupa ndi kupweteka kwa mwendo umodzi, kapena kubanika mwadzidzidzi. Musatenge pakati mukumwa mankhwalawa, chifukwa angavulaze mwana. Polera gwiritsani ntchito makondomu kapena lupu yopanda mahomoni. Ndipo mapiritsi asamathe kaye kuti mukatenge ena. Katengeni kukadali sabata.

Mnzanuyo mwina khansa yake sidalira mahomoni, ndiye tamoxifen sangamuthandize. Amayi amene anasiya kusamba nthawi zina amapatsidwa ena, monga anastrozole kapena letrozole. Amene khansa yawo ili ndi HER2 amathandizidwa ndi trastuzumab, mankhwala amene anavomerezedwa ku America mu 1998 ndipo analowa pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa World Health Organization mu 2015. Amaperekedwa kwa chaka chimodzi, koma mtengo wake ukadali wokwera. Choncho musabwerekane mapiritsi, ndipo musadandaule poona kuti chithandizo chanu chasiyana ndi cha mnzanu.

WOULUTSA: Pali mauthenga atatu afupiafupi, adokotala. Wina akuti amamwa ma ARV, kodi angalandire kemo? Wina ndi woyembekezera ndipo wapeza chotupa. Wachitatu ndi bambo, akuti ali ndi chotupa kuseri kwa nsonga ya bere ndipo akuchita manyazi.

ADOKOTALA: Wa ma ARV angalandire, ndipo asasiye kumwa ngakhale tsiku limodzi. Angoonetsetsa kuti madokotala a mbali zonse ziwiri akudziwa mankhwala onse amene akumwa. Woyembekezerayo asadikire kuti achire kaye. Kupima kumatheka, opaleshoni imatheka, ngakhale kemo amatheka pakadutsa miyezi itatu yoyambirira ya pakati. Radiotherapy ndi tamoxifen ndizo zimadikira mwana abadwe. Bambowo achotse manyazi. Mwa odwala khansa ya m'mawere 100 aliwonse, pafupifupi mmodzi amakhala mwamuna, ndipo chithandizo chake n'chofanana. Mawa lomwe apite akapimidwe.

WOULUTSA: Kalata yomaliza yachokera kwa mtsikana wa ku Nkhotakota. "Amayi anga khansa yafika m'mafupa. Adokotala anati singachizikenso. Usiku amalira ndi ululu, ndipo chilonda chikununkha moti anthu asiya kubwera kudzawaona. Kodi basi tingodikira?"

ADOKOTALA: Mwanawe, katundu wasenzayu ndi wolemera, ndipo ukuchita bwino kuwasamala amayi ako. Ayi, simungodikira. Khansa ikafika pa gawo 4 sitingaichotse yonse, koma chithandizo chikadalipo. Mapiritsi a mahomoni kapena kemo angaichedwetse, ndipo ena amakhala nayo zaka akuyenda. Radiotherapy, ngakhale ya tsiku limodzi, imachepetsa ululu wa m'fupa.

Amayi ako sayenera kulira usiku. M'zipatala zathu muli morphine wamadzi, womwa pakamwa maola anayi aliwonse, osadikira kuti ululu uyambe. Ena amaopa kuti morphine amafulumizitsa imfa. Akaperekedwa pa mlingo woyenera satero, amangobweza tulo ndi mtendere. Amaumitsa m'mimba, choncho ukapemphenso mankhwala ofewetsa. Fungo la chilonda nalonso lili ndi mankhwala: anamwino akuphunzitsa katsukidwe kake ndi kuwazapo ufa wa mapiritsi a metronidazole. Pita kuchipatala cha boma lanu ukafunse anamwino osamalira odwala matenda a mgonagona. Ntchito imeneyi amaigwiranso ku Ndi Moyo ku Salima, komanso ku Tiyanjane pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Ululu ndi fungo zikachepa, kaitane anzawo aja abwerenso adzakhale nawo pamphasa. Iwenso upeze wokulandira, uzipumako.

WOULUTSA: Nthawi yatithera, adokotala. Mawu otsiriza?

ADOKOTALA: M'mayiko olemera, mwa amayi 10 opezeka ndi nthendayi, 9 amakhala ali moyo pakatha zaka 5. Matupi awo sasiyana ndi athu. Amafika msanga, ndipo amamaliza chithandizo chonse. Ifenso tili nawo amayi otere. Amabwera kudzapimidwa chaka ndi chaka, tsitsi litamera, buku la kuchipatala litadzaza mpaka kusokerera lina. Koma maliro amamveka mudzi wonse, pamene wochira amangobwerera kumunda mwakachetechete, ndiye anthu amaganiza kuti khansa ilibe opulumuka. Inu amene munadutsa mu opaleshoni ndi kemo ndipo lero mukulima, mukugulitsa pamsika, mukuphunzitsa, ndikukupemphani mutilembere. Mayi wa ku Dedza uja ndi bambo wa ku Kasungu uja amva mawu anga, koma akufunika kumvanso anu.

WOULUTSA: Mwamva nokha, omvera. Makalata amenewo tidzawawerenga sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino.